Kanyali kodziyatsa kokha kukada, kuchokera ku zida zakufa

Chiphaniphani: Moni nonse akuluakulu a pagulu pano. Ndalowa kumene, ndiye mundikhululukire ngati nkhaniyi munaikamba kale. Ndili ndi katoni ya zinthu zakufa: kawailesi komwe kanasiya kulira, matochi, matchaja akale a foni, ndi batire la laputopu lomwe silisunganso moto. Kutaya ndikuona ngati n'kuwononga. Ndikufuna kantchito koti ndiyambe m'mawa n'kumaliza madzulo, makamaka kanyali koti kukada kaziyaka kokha, kukacha kazithima. Ndachotsa LED imodzi, kababu kakang'ono kaja, mu tochi n'kuigunditsa pa batire la 9V kuti ndione ngati ili moyo. Yangothwanima kamodzi, kenako zii. Kodi inali yakufa kale, kapena ndaipha ndine?

Madala Fyuzi: Takulandirani a Chiphaniphani. Mwaipha ndinu, koma musadandaule, pano palibe amene sanaphepo yake. LED si ngati babu lakale la kawaya m'kati. Babu lija limadziletsa lokha, kawaya kake kakatentha kamachepetsa karenti. LED ilibe khalidwe limenelo. Voltage ikangodutsa mlingo wake, imameza karenti yonse imene batire lingapereke mpaka kupsa. Yoyera imafuna ma volt 3 kapena kuposerapo pang'ono, yofiira ma volt 2, ndipo zazing'ono za 5mm zija zisamapitirire 20mA. Inu mwaipatsa 9. Mankhwala ake ndi resistor, kachipangizo kochepetsa karenti, pa mwendo umodzi. Chotsani voltage ya LED pa voltage ya batire, zotsalazo mugawe ndi karenti imene mukufuna. Pa 9 kuchotsapo 3 patsala 6, ndipo 6 kugawa ndi 0.02 ikupereka 300. Ndiye ikani resistor ya 330 ohm, kapena 470 ngati mukufuna batire likhalitse. Limeneli ndi lamulo la Georg Ohm wa ku Germany, analisindikiza mu 1827, ndipo mpaka lero palibe amene analizembapo.

Wa Makodi: Madala, mwayamba kale kuopseza mlendo ndi masamu kkkk. Achemwali, pezani Arduino Uno (kabolodi kokhala ndi kakompyuta kolembamo malangizo), breadboard (bolodi ya timabowo yolumikizirapo tizipangizo) ndi timawaya tolumikizira. LDR, kachipangizo komva kuwala, ku pin A0, LED ku pin 9, timizere tochepa ta code, nyali yatheka. Simuwotcherera chilichonse, ndipo mawa mukafuna kuti izithima yokha pakati pa usiku mungosintha nambala.

Madala Fyuzi: Nanga pa pin 9 po uikapo LED yopanda resistor? Pin ya Uno amalangiza 20mA, malire ake enieni ndi 40. Masamu omwewo akukudikira kumeneko.

Wa Makodi: Ndiikapo ya 220, monga aliyense amachitira.

Madala Fyuzi: Pamenepo ndi pamene timasiyana, mphwanga. Ukuika 220 chifukwa unaona pa chithunzi, osati chifukwa ukudziwa chimene ikuchita. Tsiku limene adzakupatse ma volt 12 udzaikanso 220 yomweyo. Komanso Uno payokha, isanayatse kalikonse, imadya karenti yoposa 40mA. Kanyali kathu kakufuna 15mA basi. Ndiye batire lizithera kudyetsa bolodi yomwe ntchito yake ndi kungoyang'ana ngati kwada?

Wa Makodi: Za kudya batire ndavomera. Koma musainyoze Arduino. Anaipanga mu 2005 ku Ivrea, ku Italy, ndipo anaipangira ophunzira za luso lokonza maonekedwe a zinthu, anthu oti sanali mainjiniya. Cholinga chinali choti munthu aone chinthu chikugwira ntchito tsiku loyamba lomwelo, asanagwe ulesi. Ambiri amene anayamba ndi masamu anathawa asanayatse ndi LED imodzi yomwe.

Mayi Sayansi: Nonse awiri mukunena zoona, koma mwaiwala kuti mnzathuyu wanena kuti ali ndi katoni ya zakufa, sananene kuti akufuna kukagula bolodi. Achemwali, tsegulani kawailesi kaja. Muli ma resistor ndi ma transistor okwanira ntchito imeneyi. Ma resistor mumawawerenga ndi mizere ya mitundu. Wakuda ndi 0, bulauni 1, wofiira 2, olenji 3, wachikasu 4, girini 5, buluu 6, pepo 7, wotuwa 8, woyera 9. Mzere wagolide uuike kumanja, muyambire kumanzere. Iwiri yoyamba ndi manambala, wachitatu ukukuuzani maziro oti muwonjezere. Olenji, olenji, bulauni ndi 33 ndi ziro mmodzi, 330. Wachikasu, pepo, olenji ndi 47 ndi maziro atatu, 47,000, yomwe timangoti 47k. Ana anga a m'kalasi amagwira zimenezi msangamsanga akangogwira resistor yeniyeni m'manja. Pa bolodi la choko amangondiyang'ana.

Multimeter, choyezera magetsi chija, muli nayo? Ngati mulibe, chimenecho ndiye chokhacho ndingakuuzeni kuti mupeze musanachite china chilichonse. Mitundu pa ma resistor akale imazilala, olenji ndi wofiira zimaoneka chimodzimodzi.

Chiphaniphani: Zikomo mayi. Multimeter ilipo, ndabwereka kwa achimwene anga. Ndatsegula wailesi ija. Ndikuona tinthu takuda ta miyendo itatu, mbali imodzi yafulati, talembedwa C945. Ndi ma transistor amenewo?

Madala Fyuzi: Eya, ndi omwewo, ndipo ndi amtundu wa NPN, oyenera ntchito yathu. Tsopano mverani dera lonse, ndi tinthu tisanu tokha. Miyendo itatu ya transistor ndi emitter, base ndi collector. Emitter ipite ku negative ya batire. Kuchokera ku positive, dutsitsani resistor ya LED, kenako LED, mwendo wake wautali uloze ku positive, waufupi ukafike pa collector. Ikani resistor ya 47k pakati pa positive ndi base. Pomaliza ikani LDR pakati pa base ndi negative. Basi.

Chimene chimachitika ndi ichi. Transistor imatsegula njira base ikafika pafupifupi 0.6V kapena 0.7V. Masana LDR imakhala ndi resistance yochepa, ndiye imakokera base pansi, kufupi ndi ziro, transistor n'kutseka. Kukada resistance ya LDR imakwera kwambiri, 47k ija imapeza mpata wokankhira base m'mwamba, LED n'kuyaka. Mukasinthanitsa malo a LDR ndi 47k mupanga nyali yoyaka masana, yothandiza palibe.

Chiphaniphani: LDR mu wailesi mulibe eti? Imaoneka bwanji?

Mayi Sayansi: Mulibe. Ndi kanthu kozungulira kafulati, pamwamba pake pali kamzere kokhotakhota kofiirira, miyendo iwiri. Kamapezeka mu tinyali takale ta usiku tija tolowetsa pa soketi, kapena kwa ogulitsa tizipangizo ta magetsi. Mu zinthu zatsopano kakusowa chifukwa kamapangidwa ndi cadmium sulphide, ndipo malamulo a ku Ulaya amaletsa cadmium mu zipangizo zambiri, ndiye makampani anasamukira ku phototransistor. Kulibe mwendo wa positive kapena negative, muike mulimonse.

Achimwene Mota: Pepani ndilowererepo pang'ono. Poti mukudikira LDR, pali kantchito kena kachangu komwe C945 yachiwiri ingakupangireni, joule thief. Kamayatsa LED yoyera ndi batire limodzi la AA, ngakhale lomwe rimoti yalikana kuti latha. Mufuna kamphete ka ferrite, kamapezeka pa bolodi ya mababu opotana osunga magetsi aja. Tengani timawaya tiwiri topyapyala, mutikulunge limodzi pa kampheteko maulendo khumi kapena makumi awiri. Chiyambi cha waya mmodzi muchilumikize ndi mapeto a mnzake, mfundo imeneyo ipite ku positive. Nsonga imodzi yotsala idutse pa resistor ya 1k kupita ku base, inayo ipite ku collector. LED ikhale pakati pa collector ndi emitter, mwendo wautali ku collector. Transistor imayatsa ndi kuzimitsa maulendo masauzande ambiri pa sekondi, ndipo nthawi iliyonse ikazimitsa koyilo imalavula voltage yokwera yokwanira LED. Kakakana kuyaka, sinthanitsani nsonga za waya mmodzi, kawirikawiri vuto limakhala limenelo.

Mayi Sayansi: Potsegula babu lotere gwirani ku pulasitiki, galasi lisasweke, muli mercury. Ndipo batire la AA mukaliyamwa mpaka kumapeto limayamba kutuluka timadzi towononga, musalisiye m'katimo.

Kaphulitsa: Inu mukutaya nthawi ndi tinyali ta ana. Ine ndili ndi microwave yakufa, ndikufuna ndichotse transformer yake ndizijambulira mitsitsi ya mphezi pa matabwa ngati mmene ndinaonera pa YouTube. Ndani anayesapo?

Woyang'anira gulu: A Kaphulitsa, zimenezo pano sitiphunzitsana. Transformer ya microwave imatulutsa ma volt pafupifupi 2,000 ndi karenti yokwanira kuimitsa mtima pompopompo. Anthu afa ndi kujambula kumeneko, ena a iwo odziwa bwino za magetsi. Capacitor yake imathanso kusunga moto mutazula pulagi. Mukalembanso za izi ndichotsa uthengawo.

Madala Fyuzi: Ndipo a Chiphaniphani, mawu omwewa akukhudza matchaja anu aja. Tchaja ngati ndi yamoyo, igwiritseni ntchito ili yotseka, mungotenga 5V ku waya wa USB, wofiira positive, wakuda negative. Musaitsegule. M'kati muli capacitor yomwe pa magetsi a 230V imafika ma volt opitirira 300. Ntchito zathu zoyambira zisapitirire ma volt 12.

Kaphulitsa: Ndamva akuluakulu. Nanga maginito a m'katimo?

Woyang'anira gulu: Microwave isiyeni yotseka. Maginito abwino chotsani mu hard drive yakale kapena sipika.

Chiphaniphani: Ndabweranso. LDR ndaipeza mu kanyali kakufa ka mnzanga. Ndaiyeza ndi multimeter: pawindo ikuonetsa cha m'ma 900 ohm, ndikaiphimba ndi chala manambala amathamanga mpaka kudutsa 200k. Ndasangalala ngati mwana kkkk. Koma dera lonse ndalumikiza pa breadboard ndi waya wa USB, ndatsatira chithunzi cha pa intaneti, LED sikuyaka ngakhale ndiphimbe bwanji.

Madala Fyuzi: Chithunzicho chinali cha transistor yanji?

Chiphaniphani: BC547.

Madala Fyuzi: Ndi pomwepo. Ma transistor amenewa amaoneka ofanana koma miyendo anaisanja mosiyana. Mukayang'ana mbali yafulati, miyendo italoza pansi, kuwerenga kuchokera kumanzere: BC547 ndi collector, base, emitter. 2N3904 ndi emitter, base, collector. C945 yanuyo ndi emitter, collector, base. Base yake ili kumapeto, osati pakati. Musakhulupirire ine kapena chithunzi, funsani multimeter. Iikeni pa chizindikiro cha diode. Waya wofiira pa mwendo umodzi, wakuda mugunditse miyendo iwiri inayo umodziumodzi. Mwendo umene ukupereka cha m'ma 0.6 kapena 0.7 ku mbali zonse ziwiri ndiye base.

Wa Makodi: Onani tsopano. Pa Arduino pin iliyonse inalembedwa dzina.

Mayi Sayansi: Inu a Makodi, tsiku lomwe mudzafune kuyendetsa kamota ndi Arduino yanuyo mudzafuna transistor yomweyi, chifukwa pin siingathe yokha. Ndipo mudzafunanso diode, monga 1N4007, yopingasa pa mota kuti voltage yobwerera isakuphereni bolodi.

Wa Makodi: Ndagonja mayi, ndikhala chete. Kwa kanthawi.

Chiphaniphani: Yayaka!!! Base inalidi kumapeto. Ndikaphimba LDR ikuyaka, ndikachotsa chala ikuthima. Koma pali zinthu ziwiri. Choyamba, ndazimitsa magetsi m'chipinda, m'malo mowala bwino ikungowala mofooka. Chachiwiri, ndachotsa ku tchaja n'kulumikiza ku power bank, ikuyaka kanthawi kenako power bank ikudzizimitsa yokha.

Achimwene Mota: Chachiwiricho si vuto la dera lanu. Ma power bank ambiri akaona kuti karenti yotuluka ndi yochepa amaganiza kuti foni yadzaza, ndiye amatseka. LED imodzi kwa iwo ndi ngati palibe chilichonse. Ena ali ndi njira ya karenti yochepa, yopangira timahedifoni, mumadina batani kawiri kapena kuligwirira. Ngati yanu ilibe, musavutike nayo.

Madala Fyuzi: Choyambacho, yang'anani komwe LED yaloza. Ndikuganiza kuti ili pafupi ndi LDR. Kukada LED ikuyaka, kuwala kwake kukugwera pa LDR, LDR ikuganiza kuti kwacha n'kuyamba kuzimitsa. Ziwirizi zimakokanakokana mpaka kugwirizana pakatikati, n'chifukwa chake ikuwala mofooka. Pamene mumaphimba ndi chala vutoli silimaoneka chifukwa chala chimatchinga zonse. Dulani kachidutswa ka chubu cha bolopeni, mukakulunge ndi tepi yakuda, mulowetsemo LDR, kukamwa kwake kuloze kuwindo. LED iloze kwina. Khoma loyera nalonso limabweza kuwala, ndiye yesani pamalo pomwe nyaliyo izikakhala.

Chiphaniphani: Zoonadi, zinali moyandikana ngati mapasa. Ndaika kachubu, tsopano ikuwala bwino.

Wa Makodi: Kanthawi kaja katha. Mudzaona kuti chakumadzulo izidzayaka pang'onopang'ono, osati kamodzi n'kamodzi, chifukwa transistor imodzi ilibe malire akuthwa. Mu code timaika manambala awiri, ina yoyatsira ina yozimitsira, kuti mtambo ukadutsa nyali isamaphethire.

Madala Fyuzi: Pamenepo walankhula zanzeru. Koma zimenezo chip yotchedwa 555 inkachita iwe usanabadwe. Hans Camenzind anaikonza mu 1971 ku kampani ya Signetics, ndipo mpaka pano ikupangidwabe. Ukalumikiza pin 2 ndi pin 6 pamodzi, n'kuikapo mfundo ya LDR ndi resistor, imasintha pa gawo limodzi mwa atatu la voltage ya batire, ndipo siibwerera mpaka pa magawo awiri mwa atatu. Manambala ako awiri aja ali kale m'katimo. Chokhacho, NE555 wamba imafuna ma volt osachepera 4.5, ndiye pa batire limodzi la lithium pamafunika ya CMOS monga TLC555. Komabe kwa ine kuyaka pang'onopang'ono kuja si chilema. Kumakoma m'maso.

Chiphaniphani: Ndiisiya momwemo kaye. Tsopano poti power bank yakana, ndingagwiritse ntchito batire la laputopu lija? Achimwene anga akuti m'kati muli mabatire ozungulira.

Madala Fyuzi: Mungathe, koma apa tiyende mofatsa, chifukwa pa zonse zili mu katoni yanu ichi ndi chokhacho chomwe chingawotche nyumba. M'malaputopu akale mumakhala maselo otchedwa 18650, kawirikawiri asanu ndi limodzi. Nambalayo ndi muyeso wake, mamilimita 18 m'mimba, 65 m'litali. Ngati lanu ndi la timatumba tafulati tasiliva, lisiyeni, makamaka ngati lafufuma. Potsegula chikuto gwiritsani ntchito kanthu ka pulasitiki, osalowetsa mpeni kapena sikuludiraiva mozama. Vulani mphete ndi zibangili. Timalata tolumikiza maselo dulani kamodzikamodzi, ndipo selo lililonse mukalimasula mumate tepi kumutu kwake. Dziwani kuti thupi lonse la selo ndi negative, positive ndi kachipewa ka pamwamba kokha. Pulasitiki yokutira ikang'ambika pafupi ndi kachipewako, kachitsulo kakang'ono kokha kakwanira kuchititsa shoti.

Kenako yezani limodzilimodzi. Lodzaza limakhala 4.2V, la pakatikati 3.6 kapena 3.7. Limene lili pansi pa 2.5V musalitchaje, likapititseni kotayira zinyalala za zamagetsi, osati m'moto kapena mu bini wamba. Nthawi zambiri batire la laputopu limafa chifukwa cha gulu limodzi la maselo, enawo ali bwinobwino.

Achimwene Mota: Potchaja pezani kabolodi ka TP4056, koma kakhale kamene kali ndi chitetezo. Mudzakadziwa chifukwa kali ndi malo anayi kumapeto: B+, B-, OUT+ ndi OUT-. Selo ku B, nyali yanu ku OUT. Kamatchaja mpaka 4.2V n'kusiya kokha, ndipo kamadula selo likatsika kwambiri. Kanyali kake kofiira kakayaka ndiye kuti likutchaja, kabuluu kapena kagirini ndiye kuti ladzaza. Onetsetsani kawiri positive ndi negative musanalumikize, mukatembenuza kabolodiko kamapsa nthawi yomweyo. Kamatchaja ndi 1A, ndiye tsiku loyamba khalani pafupi, muzikhudza selo. Likatentha moti simungaligwire bwinobwino, zulani, limenelo latha ntchito.

Kaphulitsa: Bwanji osangogula atsopano? Ndinaona ena olembedwa kuti amasunga moto wokwana 9900mAh.

Achimwene Mota: Limenelo ndi bodza lamkunkhuniza. 18650 yeniyeni, ya makampani odziwika, imathera cha m'ma 3,500mAh. Olembedwa manambala akuluakuluwo mukawanyamula mumamva kupepuka. Selo lakale lochokera mu laputopu limawaposa kutali.

Chiphaniphani: Maselo alipo asanu ndi limodzi. Awiri akuonetsa 1.1V, anayi ali pa 3.5V. Ndiwotcherere mawaya pa selo penipeni?

Madala Fyuzi: Ayi. Kutentha kwa chowotcherera kumalowa m'kati mwa selo n'kuwononga. Kufakitale amagwiritsa ntchito makina omata timalata mwa kamphindi. Inu pezani kachikuto ka 18650 kokhala ndi sipuling'i, mawaya muwotcherere pa kachikutoko selo lili kunja. Ngati pa selo patsala kachidutswa ka lata, pindani kapena chotsani ndi pulayala kuti pasakhale chakuthwa. Awiri a 1.1V aja akulungeni tepi mitu yonse, achoke m'nyumba.

Ndipo masamu abwereranso, chifukwa voltage yasintha. Mwawerenga bwanji?

Chiphaniphani: Ndiyese. Selo lodzaza 4.2, LED yoyera 3.1, patsala 1.1. Transistor nayo imadyako pang'ono, ndiye nditi 0.9. Kugawa ndi 0.02 ikupereka 45. Ndiye 47 ohm? Wachikasu, pepo, wakuda?

Madala Fyuzi: Ndaombera m'manja. Mwawerengera pa selo lodzaza, osati pa 3.7, ndipo n'koyenera kutero. Wa Makodi akanaika 220.

Wa Makodi: Madala mwandisungira chakukhosi kkkk.

Mayi Sayansi: Mwina mukudabwa kuti n'chifukwa chiyani yoyera imafuna ma volt ambiri kuposa yofiira. LED yoyera m'kati mwake ndi yabuluu. Yang'anitsitsani ili yozima, muona kadontho kachikasu. Kameneko ndi phosphor, kamasandutsa gawo la kuwala kwa buluu kukhala kwachikasu, maso athu n'kuona zoyera. Kuwala kwa buluu kumafuna mphamvu zambiri kuposa kofiira, n'chifukwa chake voltage imakwera. LED yofiira inalipo kuyambira 1962, ya Nick Holonyak, koma yabuluu yowala bwino inavuta mpaka m'zaka za m'ma 1990. Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura analandira nayo mphoto ya Nobel mu 2014.

Chiphaniphani: Ndayang'ana, kachikasuko kalipodi. Tsopano ndikufuna ndichotse pa breadboard ndiwotcherere kuti kakhale kolimba. Ndayeserera pa mawaya akutha, koma solder ikungoundana ngati mpira n'kugwa, siikumata.

Madala Fyuzi: Mukusungunulira solder pa nsonga ya chowotcherera n'kuinyamula kupita nayo pa waya, sichoncho? Pofika kumeneko flux, mankhwala othandiza kumata omwe ali m'kati mwa solder, apsa kale, ndipo waya ndi wozizira. Solder imathamangira kumene kwatentha ndi koyera. Choyamba palani miyendo ya tizipangizo takale mpaka iwale, ya mu wailesi ija ili ndi litsiro la zaka. Pukutani nsonga pa siponji yonyowa, ikanipo kadontho ka solder kuti iwale ngati siliva. Gunditsani nsongayo pa mwendo ndi pa waya nthawi imodzi, dikirani sekondi imodzi kapena ziwiri, kenako mubweretse solder pa mfundoyo, mbali inayo, osati pa nsonga. Muiona ikuyenderera yokha n'kulowa m'timawaya. Chotsani solder kaye, kenako chowotcherera, ndipo musagwedeze mpaka iume. Mfundo yabwino imakhala yosalala, yotsetsereka m'mbali. Yotumphuka ngati mpira ndiye kuti sinagwire.

Solder ya 60/40, ya tin ndi mtovu, imasungunuka cha m'ma 190°C ndipo ndi yosavuta kwa woyamba. Yopanda mtovu imafuna pafupifupi 220°C. Ngati chowotcherera chanu chili ndi posinthira, ikani cha m'ma 330 mpaka 350. Pa mwendo wa transistor ndi wa LED musakhalitsepo, ikakana chotsani, izizire, muyesenso.

Mayi Sayansi: Tsegulani windo, utsi uja ndi wa flux ndipo umapweteka pachifuwa. Mukamaliza sambani m'manja ndi sopo musanagwire chakudya, chifukwa cha mtovu. Ndipo chowotcherera chikamagwa, chisiyeni chigwe, musachiwakhe.

Chiphaniphani: Akuluakulu, katheka. Ndaika zonse mu kabotolo ka pulasitiki koyera, kachubu ka LDR katulukira pa chivindikiro, pobayira USB ndaboola m'mbali. Mfundo zina n'zonyansa koma zagwira. Ndayeza karenti usiku ikuonetsa 12mA. Selo limodzi lingakhale nthawi yaitali bwanji?

Achimwene Mota: Zitengera mphamvu yomwe yatsala mu selo. Tinene kuti ndi 1,500mAh, poti ndi lakale. Kugawa ndi 12 ikupereka maola 125, ndiye pa maola 12 usiku uliwonse ndi masiku khumi, ndipo pamene voltage ikutsika karenti imatsikanso, kotero kazipitirira pamenepo koma kakuwala mochepa. Masana kamadya zosakwana 0.1mA kudzera mu 47k ija, zosawerengeka. Chenjezo limodzi: mwayeza karenti, ndiye bwezani waya wofiira wa multimeter pa bowo la V pompano. Mukaiwala n'kukayeza voltage ya selo uli pa bowo la karenti, mupanga shoti, fyuzi ya multimeter ya achimwene anu ipita.

Chiphaniphani: Ndabweza, zikomo. Nanga ndikafuna kuwonjezera ma LED kuti kaziwala kwambiri?

Madala Fyuzi: Iliyonse ikhale ndi resistor yakeyake, musaziunjike pa imodzi, chifukwa sizifanana ndendende ndipo ina imadya kuposa zinzake n'kuyamba kufa. Koma C945 ndi 47k mwafika nazo kale pamalire, karenti yolowa ku base ndi yochepa, ndi chifukwa chake mwapeza 12mA osati 19. Mukafuna zitatu kapena zinayi, onjezani transistor yachiwiri kuti yoyambayo iziyendetsa inzake, kapena gwiritsani ntchito transistor yamtundu wa MOSFET yotseguka ndi voltage yochepa.

Wa Makodi: Kapena ESP32, kabolodi konga Arduino kokhala ndi Wi-Fi, muziyatsa ndi foni muli pabedi.

Mayi Sayansi: Nyali yoti imadziyatsa yokha muiyatsirenso ndi foni?

Kaphulitsa: Funso lina, ili ndi laulemu. Ndili ndi kasola kakang'ono kochokera pa tochi yakufa. Kangatchaje selo la mnzathuyu kuti asamabaye ku USB?

Achimwene Mota: Kangathe ngati voltage yake ikugwirizana. TP4056 imafuna cha m'ma 4.5 mpaka 6V polowera, ikadutsa 8V yapsa. Kaikeni padzuwa la masana, kasanalumikizidwe ku chilichonse, muyeze voltage. Ikakhala 5 kapena 6 zili bwino. Kenako yezani karenti yake, chifukwa tambiri ta pa matochi timapereka zosakwana 100mA, ndipo kabolodiko kanakonzedwera 1A. Zikatero pamafunika kusintha resistor ya 1.2k yomwe ili pa kabolodiko n'kuika yaikulupo, monga 10k, kuti kazipempha karenti yochepa. Selo lokhalo lisakhale padzuwa, talikitsani waya. Tumizani manambala awiriwo tione.